Kupaka Katatu

Njingayi ndinaigula pa Kapata, yotha kale,
tcheni chitachita dzimbiri, belu losalankhula,
koma pa handulo panali zimene ndinali ndisanazionepo:
zogwirira za khungwa, osati za labala,
zofewa ngati chotsekera botolo la vinyo wa ku Misa.
Wogulitsa anati zimatchedwa koko,
mtengo wake sumera kuno.

Zinali zitada ndi thukuta la munthu wina.
Chala chake chachikulu chinakumba kadzenje kumanzere
ndipo changa chinkakana kukhalamo.
Mwezi wonse ndinanyamula anthu
kuchoka ku Mchini kupita kuchipatala
nditagwira dzanja la mlendo.
Mvula ya Disembala itafika, khungwa linamwa madzi
nkuyamba kunyenyeka m'mphepete
ngati chikondamoyo chadzana.

A Yokoniya Miti, okhoma mabokosi a maliro kuseri kwa msika,
anazikanda ndi chikhadabo, nati,
Zili maliseche izi, zivekeni.
Anandipatsa sandipepa wotha mano
ndi vanishi wotsala, m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa.
Ndinafunsa kuti anatsala pa bokosi la yani.
Anati, Vanishi safunsa, inu mukufunsiranji?
Mupake katatu.
Woyamba ndi wa khungwa,
wachiwiri ndi wa mvula,
wachitatu ndiye wanu.

Lolemba ndinapala.
Mozungulira, mosakanikiza,
monga upukuta mwana wodwala malungo.
Fumbi lofiirira linagwera pa mawondo anga
ndipo mlendo uja anachoka, chala chimodzichimodzi,
osatsanzika.
Kumapeto ndinakulunga ulusi wosokera matumba a chimanga,
mizere khumi ndi iwiri, yothinana,
mfundo ndinaibisa pansi.

Woyamba khungwa linamwa wonse, osathokoza.
M'mawa linali mbuu ngati sindinaligwire.

Esinati anaima pakhomo, manja m'chiuno.
Masiku atatu njinga itatsamira khoma,
anzanu akutola makwacha pa siteshoni,
kodi tidya kunyezimira?
Ndinalibe yankho.
Anzangawo ankadutsa akuliza mabelu mwadala,
wina nkufuula, Mwayamba kudzoza njinga mafuta a ukwati?

Wachiwiri anakhala bwino, wa mtundu wa uchi wa m'phanga.
Ndinauza nyumba yonse kuti asayandikire,
nkhuku ndinazipirikitsa, ngakhale mphepo ndinaikalipira.
Ndinangopita kukatunga madzi.
Pobwera ndinapeza Lameki, wa zaka zinayi,
atabisa dzanja kumbuyo,
maso ali pa denga ngati pali nkhani.
Kumanzere, pomwe panali kadzenje ka mlendo,
panali kachala kake,
timizere tonse tooneka, tozungulira ngati madzi a m'chitsime
utaponyamo mwala.

Sandipepa anali m'thumba.
Ndinamutulutsa.
Ndinakhala naye m'manja mpaka nkhuku zinalowa m'khola.

Lachitatu ndinapaka wachitatu, wanga uja,
mopyapyala, ndi kansalu ka malaya akale,
pamwamba pa kachalako.

Tsopano ndabwerera pa msewu.
Lero ndanyamula mayi wa thumba la nsawa
kukamusiya njira ya ku Mwami.
Wadandaula za mtengo, za dzuwa, za keriyala yolimba,
zogwirira sanazione,
ndipo palibe amazionapo.
Mvula ikagwa madzi amangoima timadontho, nkutsetsereka.
A Miti ndikawadutsa amakweza hamala,
nati, Bokosi lanu likuyenda bwanji?

Likuyenda.
Pa chitunda, ndikaimirira pa mapedulo,
msana ukulira, mpweya ukuthawa,
chala changa chachikulu chimafufuza chokha kumanzere.
Vanishi anasalaza zonse, palibe chomveka,
koma chimadziwa malo ake
ndipo chimakanikiza pomwepo
mpaka tifike pamwamba.